Mmene mungakonzere ulendo wa pa njinga m'zitunda za m'mphepete mwa nyanja

Msewu wa m'mphepete mwa nyanja umanamiza pa mapu. Ukauyang'ana umaoneka ngati kachingwe kongoyalidwa motsata gombe, ndipo mtima umangoti kumeneku n'kwachidikha, nanga si madzi ali pomwepo. Koma madzi onse a kumtunda amakathera kunyanja, ndipo mtsinje uliwonse, ngakhale uja wouma chilimwe, unadzikumbira chigwa chake popita kumeneko. Msewu wotsata gombe umadula zigwa zonsezo chopingasa. Umatsikira pamlatho, n'kukwera tsidya linalo, kutsikanso, kukweranso, tsiku lonse. Palibe phiri lalikulu loti mungaliloze ndi chala, koma pofika masana miyendo imakhala itatheratu.

Ine ndinaziphunzira mowawa. Ndinakonza ulendo wa makilomita 70 n'kuuwerengera maola atatu, monga ndinkachitira kuchidikha. Unanditengera pafupifupi maola asanu ndi limodzi, madzi anandithera kutatsala zigwa zitatu, ndipo chitunda chomaliza ndinakwera ndikukankha njinga, dzuwa litapendeka. Njinga inalibe vuto, thupi linali bwino. Cholakwika chinachitikira patebulo dzulo lake, pomwe ndinawerenga makilomita n'kuiwala kuwerenga zitunda. N'chifukwa chake malangizowa akuyambira pa mapu, ndipo akhalitsa pamenepo.

Choyamba, werengani mamita okwera

Tsegulani pulogalamu yojambulira njira, kaya ndi Komoot, Ride with GPS kapena Strava, n'kujambula njira yomwe mukuiganizira. Musathamangire kuona kutalika kwake. Onani nambala inayo, ya mamita onse amene mudzakwere mukaphatikiza zitunda zonse, zazikulu ndi zazing'ono zomwe. Kenako gawani nambalayo ndi makilomita a ulendo. Ulendo wa makilomita 60 wokwera mamita 300 ukupereka mamita 5 pa kilomita, ndipo umenewo ndi wofewa. Mukafika pa mamita 10 pa kilomita, mwalowa m'zitunda zenizeni. Kuyambira 15 mpaka 20 ndi ntchito ya tsiku lathunthu, ndipo ngati simunazolowere, dulani utali wa ulendowo ndi theka popanda kuchita manyazi.

Anthu ambiri amadzilimbitsa mtima kuti zomwe chitunda chawalanda, mtsetse ubweza. Sizitero. Werengani nokha: makilomita 2 okwera pa liwiro la makilomita 8 pa ola akudyerani mphindi 15, pomwe makilomita 2 otsika pa liwiro la 40 ndi mphindi 3 zokha. Mwayenda makilomita 4 m'mphindi 18, kutanthauza kuti liwiro lanu lenileni langopitirira pang'ono makilomita 13 pa ola. Nthawi yochuluka ya ulendo wotere imathera pokwera, ndipo mtsetse ndi kampumulo chabe kongodutsa.

Powerengera nthawi, ine ndimatere: ndimayamba ndi maola amene makilomitawo angandidyere pachidikha, kenako pa mamita 100 aliwonse okwera ndimawonjezera mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Pamwamba pake ndimaikapo ola lina la kupuma, kudya ndi tayala lomwe lingaphwe. Inu nambala yanu ikhoza kusiyana, muidziwa mukayenda maulendo awiri atatu. Chachikulu n'choti ola lofikira ligwe dzuwa likadalipo ndithu.

Kenako fufuzani kuti zitundazo n'zoima bwanji

Mamita 1,000 okwera mofatsa ndi mamita 1,000 okwera mwaukali ndi maulendo awiri osiyana. Kuima kwa chitunda amakuyeza ndi peresenti: 10 peresenti ikutanthauza kuti pa mamita 100 aliwonse opita kutsogolo mukukwera mamita 10. Pa 4 kapena 5 peresenti munthu amapalasa akucheza. Pa 8 macheza amatha. Pa 12 mumamva mtima ukugunda m'makutu, ndipo kupitirira 15 tayala lakutsogolo limayamba kufuna kunyamuka. Zikwangwani zina zimalemba 1:5, yomwe ndi 20 peresenti, kapena 1:4, yomwe ndi 25.

Apa pulogalamu musaikhulupirire kwathunthu. Ikakuuzani kuti chitunda ndi cha makilomita 3 pa 5 peresenti, yaphatikiza pofewa ndi poima n'kutulutsa nambala yapakati. Mkati mwa makilomita atatuwo mukhoza kubisala mamita 300 oima pa 15 peresenti, ndipo m'misewu ya kumudzi malo oterewa amakonda kukhala pongowoloka mlatho, pomwe msewu umatuluka m'chigwa mosakhota. Kuzani chithunzi cha kukwera ndi kutsika kwa njirayo, muchitsate ndi chala pang'onopang'ono. Ngati mapu anu ali ndi mizere yosonyeza kukwera kwa nthaka, onani pomwe mizereyo yathithikana ndipo msewu ukuidula mowongoka. Pamenepo ndiye pali ntchito. Pomwe msewu ukuyenda motsata mzere, kapena ukukhotakhota ngati njoka pokwera, pamakhala pofewerapo.

Mukapeza poima kwambiri, yang'anani m'mbali, kawirikawiri pamakhala njira ina. Ku Somerset, m'dziko la England, msewu waukulu wokwera Porlock Hill umaima mpaka 1:4, koma pambali pake pali msewu wina wolipira, wotalikirapo, wokwera phiri lomwelo mofatsa nyanja ikuoneka m'munsi. Mapiri ambiri a kugombe ali ndi njira ziwiri chonchi, ina ya anthu ofulumira, ina yozungulira. Kwa wapanjinga yozungulirayo ndi imene imafikitsa.

Ganiziraninso malo amene chitunda chilichonse chagwera mu ulendo. Pa mpikisano wa Milan–San Remo ku Italy, umene unayamba mu 1907, chitunda chomaliza cha Poggio sichifika n'komwe makilomita 4 ndipo chimaima osakwana 4 peresenti. Munthu wamba akhoza kuchikwera bwinobwino. Koma chimabwera anthu atapalasa makilomita oyandikira 300, ndipo pamenepo akatswiri amasiyana. Kachitunda kakang'ono kumapeto kamalemera kuposa chachikulu kumayambiriro. Choncho tembenuzani njira yanu, muiyese uku ndi uku, mpaka zitunda zolemetsa zigwere m'chigawo choyamba ndi chapakati, ndipo makilomita khumi omaliza akhale achifundo.

Mphepo ndiye chitunda chosaoneka pa mapu

Kugombe mphepo ili ndi nthawi zake. Dzuwa likakwera, nthaka imatentha msanga kuposa madzi, mpweya wa pamtunda n'kunyamuka, ndipo wozizira wa panyanja umathamangira kudzalowa m'malo mwake. N'chifukwa chake masiku otentha mphepo yochokera kunyanja imayamba chakumasana n'kulimba madzulo. Usiku zimatembenuka, kamphepo kamachokera kumtunda kupita kunyanja, ndipo m'mawa kwambiri kumakonda kukhala bata. Wodzuka m'mamawa amapeza maola awiri atatu aulere.

Gwiritsani ntchito zimenezi pojambula njira. Ngati mukuyambira kumtunda, tsikirani kugombe kukadali m'mawa, kuti pobwerera mphepo ya masana izikukankhani kumsana mukukwera. Dziwani chabe kuti kukwera mphepo ili kumbuyo kumatenthetsa koopsa, chifukwa mumayenda limodzi ndi mpweyawo, thukuta osauma, ndiye madzi akhale okwanira. Ngati mukuyambira kugombe, kwerani zitunda m'mawa, mudzakumane ndi mphepo pobwerera muli pamtsetse pomwe singakuvuteni kwambiri. Ndipo ngati njira ikutsata gombe kupita ndi kubwerera, yambani ndi mbali yolimbana ndi mphepo muli ndi mphamvu.

Usiku woti mawa ndi ulendo, onani zanyengo, ndipo onani nambala ziwiri: liwiro la mphepo ndi liwiro la mikuntho yake yadzidzidzi. Yachiwiriyo ndi imene imagwetsa munthu. Mu 2017 mpikisano waukulu wa Cape Town Cycle Tour ku South Africa, wa makilomita 109, umene umadutsa msewu wokhotakhota wa Chapman's Peak m'mbali mwa nyanja, unalephereka m'mawa wa tsiku lomwelo, ndipo chifukwa chachikulu chinali mphepo yomwe inkagwetsa anthu poyambira penipeni. Ngati okonza mpikisano wa anthu zikwizikwi anatha kunena kuti lero ayi, nanunso mukhoza kusintha tsiku, kapena kusankha njira ya m'zigwa za kumtunda komwe mitengo ndi zitunda zimatchinga.

Samalani ndi timisewu tothera kunyanja

Pali timisewu tokopa kwambiri, totsikira kukagombe kobisika n'kuthera pomwepo. Tonse tili ndi ngongole imodzi: chomwe mwatsika, mukwera. Chitsanzo chotchuka ndi Sa Calobra pachilumba cha Mallorca ku Spain, msewu womangidwa mu 1932, wa makilomita pafupifupi 9.5 oima mozungulira 7 peresenti. Munthu amayamba ndi kutsika mosangalala mpaka kumadzi, ndipo pobwerera amatsata msewu womwewo, mamita oposa 600 akumudikira. Timisewu totere musatikane tonse, chifukwa kukongola kwa gombe kumabisala kumeneko. Sankhani kamodzi pa ulendo, kakhale koyambirira, ndipo mamita ake muwawerengere mu nambala ija.

Palinso misewu yomira madzi akakwera. Passage du Gois ku France, wa makilomita pafupifupi 4 wopita kuchilumba cha Noirmoutier, umamira kawiri pa tsiku, ndipo ngakhale madzi ataphwa pamakhala poterera, moti mu 1999 okwera njinga ambiri a mpikisano wa Tour de France anagwerapo. Njira yanu ikadutsa malo otere, kapena ikadalira bwato lowolotsa, fufuziranitu nthawi zake.

Tsopano yendani njirayo ndi maso musanayende ndi miyendo

Pulogalamu imatha kukulowetsani m'njira ya miyala ikuyesa kuti ndi msewu wa tala, kapena kukuponyani mumsewu waukulu wa magalimoto olemera chifukwa ndi wachidule. Tsegulani zithunzi za m'mwamba, ndipo komwe kuli Google Street View, yoonetsa zithunzi za msewu ngati muli pomwepo, dutsanimo m'malo okayikitsa. Onani ngati tala akupitirira, ngati msewu uli ndi kamalo kothawira m'mbali, ndiponso momwe mphambano zakhalira. Ine ndimakonda msewu wachiwiri kuchokera kugombe kuposa wa pagombe penipeni. Wa pagombe umadzaza ndi alendo oyendetsa galimoto maso ali kunyanja, pomwe wa pamwamba pang'ono umadutsa m'minda mwa zii, ndipo nyanja mumaiona bwino kwambiri muli pamtunda.

Lembani malo amene mungapeze madzi, ndipo musalole kuti patalikirane kupitirira maola awiri. Kumudzi musadalire kuti malo ogulitsira zinthu amene ali pa mapu mukawapeza otsegula. Lembaninso njira imodzi kapena ziwiri zodulira, zoti thupi likakana kapena nyengo ikasintha mubwerere msanga. Njira yozungulira ngati nambala 8 ndi yabwino pa chifukwa chimenechi, popeza pakati pake mumadutsanso pafupi ndi poyambira. Mukamaliza, sungani mapuwo m'foni kuti azitseguka popanda intaneti, chifukwa m'zigwa zakuya netiweki imasowa. Uzani munthu wina njira yanu ndi ola lobwerera. Ndipo mukafika kuderalo, funsani eni ake za mlatho kapena msewu umene mukuukayikira. Safunsa anadya phula, ndipo mapu sadziwa kuti mvula ya sabata yatha inakokolola chiyani.

Njinga: magiya, mabuleki, matayala

Pa zonse za njinga, chofunika kwambiri m'zitunda ndi giya yofewa. Njinga zambiri zamasewera zoyendera pa tala zili ndi magiya awiri kutsogolo, a mano 50 ndi 34. Funso ndi lakuti giya yaikulu ya kumbuyo ili ndi mano angati. Tayala la njinga yotere likazungulira kamodzi limayenda mamita opitirira pang'ono 2.1. Ndi 34 kutsogolo ndi 28 kumbuyo, kupalasa kamodzi kumakupititsani mamita pafupifupi 2.6, ndipo pa liwiro la makilomita 8 pa ola miyendo imazungulira ka 50 kokha pa mphindi, kumene ndi kukankha kopweteka mawondo. Ndi 34 kutsogolo ndi 34 kumbuyo, pa liwiro lomwelo miyendo imazungulira kopitirira ka 60. Kusiyanako kukuoneka kochepa papepala, koma pachitunda chachisanu ndi chitatu ndi kumene kumasankha ngati mukwera muli pachishalo kapena wapansi. Ngati ndalama zili zoti musinthe chinthu chimodzi chokha, sinthani magiya a kumbuyo, mutafunsa kaye wokonza njinga ngati chosinthira magiya chanu chingawanyamule.

Mabuleki ayeseni dzulo lake, osati m'mawa wa ulendo. Onani ngati mphira kapena timapadi tatha, finyani zogwirira zonse ziwiri kuti muone ngati zikugwira zisanafike pahandulo. Ngati njinga ndi yobwereka, dziwani dzanja limene likugwira buleki yakutsogolo, chifukwa m'mayiko ena ndi lamanja, mwina ndi lamanzere, ndipo pamtsetse si pophunzirira zimenezi.

Matayala a mamilimita 28 mpaka 32 amayenda bwino m'misewu ya kumudzi yokhakhala kuposa opyapyala aja. Musawapope mpaka kuuma gwa. Tayala lolimba kwambiri limadumphadumpha pa timiyala n'kutaya kugwira pakona. Malire a mpweya amalembedwa m'mbali mwa tayala, khalani mkati mwake molingana ndi kulemera kwanu.

Zonyamula n'zochepa: machubu awiri, zigamba zomatira, pampu, timasipanala, cholumikizira tcheni chikaduka, nyali yakutsogolo ndi yakumbuyo, ndi kajekete kopepuka kotchinga mphepo. Nyali mutenge ngakhale masana, chifukwa nkhungu ya kunyanja imakwera m'zitunda mwadzidzidzi n'kuphimba msewu. Kajekete n'kofunika chifukwa mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse okwera, ndipo mukawonjezera malaya onyowa ndi thukuta ndi mphepo ya pamtsetse, munthu amanjenjemera ngakhale tsiku lotentha. Chisoti chikhale kumutu, chomangidwa bwino pachibwano. Madzi musawasiye pofuna kupepuka: munthu ndi njinga yake akalemera makilogalamu 85, lita imodzi ya madzi imangowonjezera pang'ono kupitirira gawo limodzi pa 100.

Pamsewu: chitunda choyamba chikwereni ngati mwatopa kale

Apa ndi pomwe ambiri amataya ulendo. M'mawa miyendo imakhala yopepuka, mtima wokondwa, ndipo chitunda choyamba chimaoneka chosavuta. Mukachithamangira, ngongoleyo mudzaibweza masana. Muyezo wosavuta ndi pakamwa: ngati simungathe kulankhula chiganizo chathunthu osapumira pakati, mwapitirira. Ikani giya yofewa, khalani pachishalo, manja pamwamba pa handulo, mapewa omasuka, miyendo izizungulira mopepuka. Anzanu akakusiyani, asiyeni apite, mukawapeza kutsogolo. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Malo ovuta kwambiri pa misewu imeneyi ndi pansi pa chigwa, ndipo ndifotokoze bwino chifukwa amabwera mobwerezabwereza. Mukutsika ndi liwiro, giya ili yolimba, kutsogolo kuli kamlatho kopapatiza, ndipo tsidya lake msewu waima ngati khoma. Zinthu zitatu zimakumana pamenepo. Choyamba, madzi saiwala khwawa: mchenga, timiyala ndi matope zimene mvula yakokolola zimaunjikana pomwepo, nthawi zambiri pamthunzi pomwe maso sanazolowere. Chachiwiri, mlatho umakonda kukhala pakona, ndipo galimoto yochokera kutsogolo simuiona. Chachitatu ndi giya. Mukadikira kuti chitunda chiyambe ndiye musinthe, tcheni chimakhala chitakungika, chimalira khokhokho, mwina kugwa kapena kuduka, inu n'kuima pakati pa chitunda phazi likadali papedulo.

Ndiye chitani chonchi. Mlatho usanafike, chepetsani liwiro mpaka pomwe mungathe kuima mkati mwa mtunda umene mukuuona. Mukadali pamtsetse, miyendo ikuzungulira popanda kukankha, tsitsani tcheni ku giya yaing'ono yakutsogolo. Powoloka, yambani kufewetsa ya kumbuyo kamodzikamodzi, ndipo pa kusintha kulikonse pepukitsani phazi kwa kamphindi kuti tcheni chikwere bwino. Liwiro lotsala likuthandizeni mamita ochepa oyambirira, koma musalimbane kuti lipitirire. Lilekeni lithe lokha, inu mulowe m'kapalasidwe kanu.

Poima kwambiri, sendezani thupi kutsogolo kwa chishalo n'kutsitsa chifuwa kuti tayala lakutsogolo lisanyamuke. Kuimirira pamapedulo kumathandiza kupumitsa msana ndi kudutsa kachigawo kaukali, koma kumadya mphamvu msanga, ndipo msewu ukakhala wonyowa tayala lakumbuyo limaterereka. Pakona yokwera, mkati mwake ndi moima kwambiri kuposa kunja, choncho tambasulani kona momwe mbali yanu ya msewu ikulolera, osalowa mbali ya anzanu. Zikakanika, tsikani mukankhe, mbali yotetezeka. Palibe chochititsa manyazi pamenepo. Choopsa ndi kupepesuka uku ndi uku pamsewu wopapatiza pomwe thirakitala ikhoza kutulukira.

Kutsika

Pamwamba pa chitunda musathamangire kutsika. Imwani madzi, tsekani zipi, valani kajekete ngati mtsetse ndi wautali. Manja agwire m'munsi mwa handulo momwe zala zimafika bwino pa mabuleki, thupi lisendere m'mbuyo pang'ono, zigongono zikhale zofewa.

Buleki yakutsogolo ndi imene imaimitsa njinga kwambiri, ndipo muigwire mofinya pang'onopang'ono, osati mokoka mwadzidzidzi. Chepetsani liwiro kona isanafike, njinga ikadali yowongoka. Mukalowa m'kona, pedulo ya kunja ikhale pansi mutaipondereza, maso ayang'ane kotulukira osati pansi patsogolo pa tayala, chifukwa njinga imapita komwe maso apita. Pamtsetse wautali musagwire mabuleki mosalekeza. Finyani mwamphamvu, tayani, finyaninso. Mabuleki ogwira pa limu akatenthetsa limuyo, chubu ikhoza kuphulika, ndipo a disiki nawonso akatentha kwambiri amafooka. Mukaima musakhudze disiki ndi chala, imawotcha. Kukagwa mvula, mabuleki a pa limu amachedwa kugwira mpaka atapukuta madzi, ndiye yambani msanga.

M'misewu ya m'minda yembekezerani chilichonse kuseri kwa kona: ziweto, ndowe, matope osiyidwa ndi matayala a thirakitala, galu, munthu woyenda pansi. Ziweto zidutseni mwapang'onopang'ono mukulankhula, kuti zimve kuti ndi munthu. Zitsulo zoyalidwa pamsewu zotchinga ziweto ziwolokeni mowongoka, osakhota komanso osagwira buleki pamwamba pake. Ndipo samalani ndi mipata ya mpanda kapena ya mitengo kumbali ya kunyanja. Mumayenda motetezedwa, kenako pampata mphepo imakumenyani m'mbali kamodzi n'kamodzi. Mukaona mpata kutsogolo, gwirani handulo molimba koma mapewa omasuka, tsitsani thupi, ndipo talikirani pang'ono kuphompho. Malimu akuya amagwira mphepo yotere kwambiri.

Nyanja ikaonekera mwadzidzidzi pakona, yabuluu mpaka kumapeto a maso, mtima umafuna kuyang'ana. Imani pamalo abwino, phazi pansi, muyang'ane mokwanira. Munadzera zomwezo.

Idyani njala isanabwere

Ulendo ukapitirira ola ndi theka, thupi limafuna chakudya chopatsa mphamvu msanga, magalamu 30 mpaka 60 a shuga kapena sitalichi pa ola. Yambani mu ola loyamba, pang'onopang'ono, ndipo idyani pamalo osalala kapena pamwamba pa chitunda, osati mkati mokwera pomwe mpweya ukuperewera, kapena potsika pomwe manja onse akufunika. Madzi, kukatentha, theka la lita pa ola ndi poyambira chabe, ndipo botolo limodzi likhale ndi kamchere kobwezera kamene kakutuluka ndi thukuta. Mphepo ya kunyanja imaumitsa thukuta msanga moti simudziwa kuti mukutaya madzi, mpaka muone mizere yoyera ya mchere pa malaya. Dzuwanso limawotcha ngakhale kukuzizirira, ndiye pakani mafuta oteteza khungu pakhosi, m'makutu ndi pamikono.

Mutu ukayamba kuwawa, chizungulire, nseru kapena tsembwe dzuwa likuswa mtengo, imani pamthunzi, imwani, dzithireni madzi, ndipo tengani njira yodulira ija munalemba. Mnzanu akayamba kulankhula zosokonekera kapena kupepesuka chifukwa cha kutentha, muziziritseni msanga n'kuitana thandizo la chipatala nthawi yomweyo.

Mukafika

Musaiyedzeke njinga pakhoma n'kuiwala. Mpweya wa kunyanja yamchere umasiya mchere pachitsulo chilichonse, ndipo mchenga wa kugombe ukasakanikirana ndi oyilo umadya tcheni ngati tupa. Tsiku lomwelo tsukani njinga ndi madzi abwino, mothira pang'onopang'ono osati mopopera mwamphamvu, kuti madzi asalowe m'mabelingi. Pukutani tcheni ndi kansalu mpaka chiume, donthezani oyilo pa kalumikizidwe kalikonse, zunguzani mapedulo chambuyo kangapo, kenako pukutaninso oyilo wotsala kunja. Oyilo asakhudze disiki kapena mphira za mabuleki. Yang'anani matayala ngati mwalowa minga kapena timagalasi, ndi mabuleki ngati atha, chifukwa tsiku limodzi la mitsetse yonyowa limawadya kwambiri.

Kenako, zisanaiwalike, tengani pepala mulembe zinthu zinayi: makilomita amene mwayenda, mamita amene mwakwera, maola amene zakutengerani, ndi ola limene mphepo inayamba. Pansi pake lembani chitunda chimene munatsikapo n'kukankha, ndi pomwe munapeza madzi. Pepalalo muliike pamodzi ndi mapu, mudzalitsegule pojambula njira yotsatira.